Timu yanga yayamba moipa, koma mtima wanga uli pa baseball: ndichite bwanji?

Funso ili lachokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba, wa zaka 22, yemwe akuphunzira masamu ndi ziwerengero. Ndalifupikitsa pang'ono: "Ndinayamba kukonda baseball mu 2017 nditamva kuti Gift Ngoepe wa ku South Africa walowa mu ligi yaikulu ya ku America. Kuyambira pamenepo ndine sapota wa Pittsburgh Pirates. Sizoni yangoyamba kumene koma timu yanga ikungoluza, moti anzanga akuti ndisamukire ku Los Angeles Dodgers. Ndiitaye? Chachiwiri, ndimalota kudzapeza ntchito mu baseball. Kwathu palibe amene amandiposa kuponya. Kodi ndingadzasewere, kapena pali njira ina?"

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyambacho ndikutonthozani, chachiwiricho ndikupwetekani pang'ono, ndiye tiyeni tiyambe ndi chotonthozacho.

Mukuidziwa mvula ya chizimalupsa. Imagwa mu Okutobala, fumbi n'kuzizira, kafungo ka dothi n'kumveka ponseponse, ndipo chaka chilichonse pamapezeka wina wopupuluma yemwe amathamangira kumunda ndi mbewu. Pakatha milungu iwiri dzuwa laswa mtengo, mbewu zapsera pansi. Zotsatira za baseball za mwezi wa Epulo ndi chizimalupsa. Mu MLB, ligi yaikulu ya ku America ija, timu iliyonse imasewera magemu 162, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala, pafupifupi tsiku lililonse. Super League yathu ya mpira wamiyendo, timu imasewera magemu 30 basi. Mukawerengera bwino, ndipo inu masamu ndi anu, magemu 16 a baseball akufanana ndi magemu atatu a mu Super League. Ndani anataya Bullets kapena Wanderers chifukwa cha magemu atatu oyamba? Alipo amene amatukwana kochi pa wailesi, inde, koma jezi satentha.

Umboni wake simukausaka kutali, uli pa timu yanu yomweyo. Mu 2023 Pirates inawina magemu 20 mwa 28 oyamba. Ine ndemwe, ndi imvi zangazi, ndinayamba kuuza anthu kuti chaka chino zinthu zasintha ku Pittsburgh. Mwezi wa Meyi utalowa timuyo inagwa chagada, ndipo pomaliza sizoni inali itawina 76, kuluza 86. Milwaukee Brewers mu 1987 inawina magemu 13 oyamba motsatizana koma sinafike n'komwe mu ndime ya ma playoff, yolimbirana chikho magemu a ligi akatha. Tembenuzani mbali inayo: pa 23 Meyi 2019, Washington Nationals inali itawina 19, kuluza 31, ndipo atolankhani anali akuwerengera kochi Dave Martinez masiku. Mu Okutobala chaka chomwecho timuyo inagonjetsa Houston Astros mu gemu yachisanu ndi chiwiri ya World Series, fainolo ya MLB, n'kunyamula chikho koyamba m'mbiri yake. Atlanta Braves ya 2021 inafika mu Ogasiti isanakhalepo ndi magemu owina ochuluka kuposa oluza, koma ndi imene inatenga chikho.

Sindikunena kuti Epulo amanama nthawi zonse. Detroit Tigers mu 1984 inawina 35 mwa magemu 40 oyamba ndipo inapitirira mpaka kutenga chikho. Baltimore Orioles mu 1988 inaluza magemu 21 oyamba, ndipo inalidi timu yofooka. Zikafika pamlingo wotere, mitambo ija yakhaladi mvula. Koma zapakatikati, zoti mwawina asanu mwaluza asanu ndi anayi, sizikuuzani kanthu.

Chifukwa chake chili m'mene masewerawa anapangidwira. Womenya mpira amene avareji yake ndi .300 ndi katswiri, chonsecho amalephera kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi alionse. Tengani wosewera amene waima kumenya maulendo 50 mu Epulo. Akapeza ma hit 15, kutanthauza kumenya mpira n'kuthamanga kufika pa base (malo oimapo) osatulutsidwa, avareji yake ndi .300, anthu n'kumamutama. Akapeza 12, avareji ndi .240, anthu n'kumati watha ntchito. Kusiyana kwake ndi mipira itatu yokha: umodzi unawakhidwa ndi munthu amene anangoimirira pamalo olakwika mwamwayi, wina mphepo inaubweza utatsala pang'ono kudumpha mpanda, wachitatu woyimbira anaona molakwa. Onjezani kuti ku Pittsburgh, Chicago ndi Cleveland mu Epulo kumakhala kukuzizirabe, nthawi zina mpaka chipale kugwa. Mpira suuluka patali mu mpweya wozizira, ndipo ndodo ikaumenya pamalo olakwika manja amachita dzanzi. Mpira womwewo umene mu Julayi ungakhale home run, wodumpha mpanda, mu Epulo umagwera m'manja mwa wosewera wakumpanda.

Ndiye muziyang'ana chiyani? Ine ndimasiya tebulo la ligi mpaka kumapeto kwa Meyi, ndipo anthu ambiri a baseball amatero, amadikira holide ya ku America ya Memorial Day. M'malo mwake ndimaona liwiro la oponya, chifukwa woponya amene chaka chatha ankafika makilomita 155 pa ola koma lero akulephera kudutsa 150, kawirikawiri pali chimene chikumupweteka pa chigongono kapena paphewa. Ndimaona kuchuluka kwa ma strikeout (womenya kutuluka atalephera katatu kumenya mpira) ndi ma walk (womenya kupita pa base yoyamba chifukwa woponya waponya pambali kanayi), popeza manambala amenewa amakhazikika msanga kuposa avareji. Ndimaonanso kusiyana kwa ma run, zigoli za baseball, amene timu yagoletsa ndi amene yagoletsedwa. Timu imene ikuluza ndi run imodzi imodzi ili bwino kuposa imene ikuwina mwamwayi kenako n'kukwapulidwa 11 kwa 2. Komanso kumbukirani kuti kuyambira 2022 matimu 12 mwa 30 amalowa mu playoff. Arizona Diamondbacks inafika mu World Series ya 2023 itawina magemu 84 okha.

Komatu ndisakunamizeni. Vuto la Pirates si Epulo, ndi thumba. Mu MLB mulibe malire okhwima a ndalama zimene timu ingalipire osewera, muli msonkho chabe umene olemera amaulipira akumwetulira. Dodgers inasaina Shohei Ohtani mu Disembala 2023 pa madola 700 miliyoni kwa zaka khumi, pamene Pirates chaka ndi chaka imakhala m'gulu la matimu olipira zochepa kwambiri. Chikho chomaliza inatenga mu 1979. Kuyambira 1993 mpaka 2012, zaka 20 zotsatizana, inkamaliza sizoni italuza magemu ambiri kuposa owina. Munasankha timu yovuta kuikonda, ndipo anzanuwo sakulakwa pa masamu.

Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Timu imeneyi ndi ya Roberto Clemente, yemwe anamaliza ndi ma hit 3,000 ndendende, n'kufa pa ngozi ya ndege pa 31 Disembala 1972 akupititsa chithandizo kwa anthu amene anakhudzidwa ndi chivomerezi ku Nicaragua. Mpanda wakumanja wa bwalo la Pirates la PNC Park anaumanga kutalika mafiti 21 pokumbukira nambala ya jezi yake. Ndi timu imene inasankha Paul Skenes kukhala woyamba pa draft (mwambo umene matimu amasankhira osewera atsopano) ya 2023, ndipo chaka chotsatira iye anatenga mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse mu National League, limodzi mwa magawo awiri a MLB. Masapota a Chicago Cubs anadikira chikho zaka 108, kuchokera 1908 mpaka 2016, ndipo chimwemwe chimene anali nacho usiku umenewo sapota wongosamukira dzulo sangachimve. Ngati mukufuna kuonera Dodgers, onerani, palibe amene adzakumangeni. Ndipotu pali kaphindu kake: gemu ya ku Pittsburgh yoyamba cha m'ma 7 koloko madzulo kwaoko, kuno imakhala 1 koloko usiku, pamene ya ku Los Angeles imayamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, nthawi imene munthu ungathe kudzuka, kuteleka tiyi, n'kuonera mpaka kukacha. Chibwereni wotchi yowerengera oponya mu 2023, gemu imatha mu maola awiri ndi mphindi pafupifupi 40, ndiye kalasi ya 8 koloko muipeza. Dodgers ikhale ya maso, Pirates ya mtima.

Tsopano funso lachiwiri. Pa zaka 22, musanasewereko gemu ya ligi ngakhale imodzi, khomo lodzasewera mu MLB ndi lotseka. Ndanena mosazungulira chifukwa ndikakupatsani chiyembekezo chabodza mudzataya zaka zimene mukanagwiritsa ntchito pa khomo lina lotseguka.

Taonani mmene matimu amapezera osewera. A ku United States, Canada ndi Puerto Rico amadutsa mu draft ya mwezi wa Julayi, imene ili ndi ndime 20. Ena onse amasainidwa kuyambira ali ndi zaka 16, ndipo nyengo yosainira imatsegulidwa pa 15 Januwale. Ku Dominican Republic ndi ku Venezuela osaka luso amakhala atamuona mwana kale ali ndi zaka 13 kapena 14. Mnyamata wa zaka 22 kumeneko ndi nkhalamba. Akasainidwa amakwera makwerero: ligi ya ongoyamba, Single-A, High-A, Double-A, Triple-A. Pamwamba pali matimu 30 okhala ndi osewera 26 iliyonse, kutanthauza malo 780 a dziko lonse lapansi. Ambiri mwa amene amasainidwa samafikako. Malipiro a m'munsimo anakwera kwambiri mu 2023 osewera atapanga bungwe lawo, pamene a Triple-A anayamba kulandira osachepera madola 35,800 pa chaka. Kale kumbuyoku anyamata ankagona anayi kapena asanu m'kanyumba kamodzi, pa matiresi opopa.

Mwati mumaponya patali. Ndikukhulupirirani. Koma woponya wa mu MLB amaima pa mtunda wa mamita 18.44 kuchokera kwa womenya, n'kuponya mpira umene umafika pasanathe theka la sekondi, ndipo amayenera kuulowetsa m'kabokosi kosaoneka kotambalala masentimita 43, kenako wotsatira aupinde kuti ugwe pansi ukamafika. Dzanja lamphamvu ndi poyambira chabe. Kupinda mpira ndi kuulondoloza kumatenga zaka khumi za kuponya pamaso pa kochi.

Nkhani ya Ngoepe imene inakukopaniyo muiwerengenso bwino. Iye sanayambe ali wamkulu. Anakulira m'kachipinda ka mu nyumba ya kalabu ya Randburg Mets ku Johannesburg, kumene mayi ake ankagwira ntchito, moti akatsegula chitseko m'mawa amaponda bwalo la baseball. Pirates inamuona pa kampu ya MLB ku Italy n'kumusaina mu 2008 ali ndi zaka 18. Kenako anakhala zaka zoposa zisanu ndi zitatu m'maligi aang'ono, m'mabasi a usiku wonse, m'timatauni tosadziwika. Tsiku lake linafika pa 26 Epulo 2017, ndipo atangoima koyamba anamenya hit pa mpira wa Jon Lester wa Cubs. Anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligiyo. Nanga pambuyo pake? Magemu ake onse mu MLB, kuphatikiza amene anasewerera Toronto Blue Jays mu 2018, anakwana 41. Munthu amene anabadwira pafupifupi pa bwalo, wodziwika kuti manja ake pogwira mpira anali apamwamba zedi, anasewera magemu 41. Tayler Scott, mnzake wa ku Johannesburg yemwe analowa mu ligiyo mu 2019 ndi Seattle Mariners, anachita kusamukira ku Arizona akadali pa sekondale. Ku Uganda, kumene Dodgers inasaina Ben Serunkuma ndi Umar Male mu 2022, masewerawa anadzalidwa mwa ana kalekale. Timu ya ana ya ku Lugazi inasewera kale mu Little League World Series ku Williamsport mu 2012. Paliponse pamene mwana wa mu Africa wafika patali, mupeza kuti anayamba ali wamng'ono, pali bwalo, pali kochi.

Koma inu muli ndi chinthu chimene simunachiwerengere m'kalata yanu, mwangochitchula modutsa: mukuphunzira ziwerengero. M'masewera onse a padziko, baseball ili m'gulu la amene amalemba ntchito anthu a manambala kwambiri.

Bill James anali mlonda wa usiku pa fakitale yoika nyemba m'zitini ku Lawrence, m'chigawo cha Kansas. Usiku akulondera ankawerengera manambala a baseball, ndipo mu 1977 anayamba kusindikiza yekha zimene ankapeza n'kumagulitsa kudzera pa positi. Kwa zaka zambiri akuluakulu a matimu ankamuseka. Mu 2002 Boston Red Sox inamulemba ntchito, ndipo mu 2004 timuyo inatenga chikho patatha zaka 86. Mike Fast anali injiniya, wolemba za baseball pa intaneti nthawi yake yopuma. Mu 2011 anasonyeza ndi manambala kuti wowakha mipira kumbuyo kwa womenya, akadziwa kuulandira mpira mwaluso, amachititsa woyimbira kuuona ngati strike, mpira wodutsa m'kabokosi kaja, ndipo zimenezi zimapulumutsa ma run ambiri pa sizoni. Chaka chotsatira Houston Astros inamutenga. Alex Anthopoulos anayamba mu 2000 ku Montreal Expos, kusankhula makalata a masapota popanda malipiro. Ndi iye amene anamanga Braves ya 2021 ija. Kim Ng analowa ku Chicago White Sox mu 1990 monga wophunzira ntchito, ndipo anadikira zaka 30 kuti akhale bwana wamkulu woyang'anira osewera ku Miami Marlins mu Novembala 2020. Mwa anthu onsewa palibe amene anasewerapo mu MLB.

Amene ndimamukonda kwambiri pa nkhani yanuyi ndi Jaime Jarrín. Anachoka kwawo ku Ecuador mu 1955 asanaonepo gemu ya baseball ndi maso. Anaiphunzira ali wamkulu kale, ndipo kuyambira 1959 mpaka 2022 ndi iye amene ankaulutsa magemu a Dodgers pa wailesi mu Chisipanishi. Chuma chake chinali chilankhulo cha kwawo. Ndikamaganiza zimenezi ndimadzifunsa kuti kodi amene adzayambe kufotokoza baseball mu Chichewa, n'kupeza mawu athuathu a strike, a base, a double play, adzakhala ndani. Ine mwaona ndikuvutika nawo mu yankho lomwe lino.

Njira imeneyi nayo ili ndi minga, ndisabise. Ntchito zoyambira m'matimu malipiro ake ndi ochepa, ofunsira ndi mazanamazana, ndipo kwa munthu wochokera kunja pamafunika chilolezo chogwirira ntchito, chimene matimu sathamangira kulipirira wongoyamba kumene. Njira imene ili yotheka kwa inu ndi kumaliza digiri yanu bwino, kenako kufunafuna sukulu ya masitazi kunja, uku muli ndi ntchito yooneka m'manja. Chokoma n'chakuti zipangizo zake ndi zaulere. Kuyambira 2015 makamera ndi makina a Statcast amayeza mpira uliwonse woponyedwa mu MLB: liwiro lake, mmene ukuzungulirira, kumene wagwera. Manambala amenewa ali pa Baseball Savant, ena pa FanGraphs ndi Baseball-Reference, ndipo munthu wa ku Zomba amawaona mofanana ndi wa ku Boston, kusiyana ndi bandulo basi. Phunzirani zilankhulo za pa kompyuta zosanthulira manambala, R kapena Python, muonjezere SQL. Mukapeza mpata, kaChisipanishi pang'ono, popeza osewera ambiri ndi a ku Latin America. Kenako sankhani funso limodzi laling'ono, osati lalikulu. Mwachitsanzo: kodi oponya a Pirates amataya liwiro lochuluka bwanji akadutsa mipira 80 mu gemu? Liyankheni ndi manambala, lembani masamba awiri, ikani poyera kuti anthu akutsutseni. Mwezi wotsatira lina. Ndipo ngati baseball siidzakuitanani, luso lomwelo lidzakudyetsani ku banki, ku kampani ya inshuwalansi, kapenanso ku matimu a mpira wamiyendo amene ayamba kufuna anthu a manambala. Simudzakhala mutataya kanthu.

Dzanja lanulo nalonso musalisiye ligone. Bungwe loyendetsa baseball padziko lonse la WBSC linayambitsa mtundu wina wotchedwa Baseball5: anthu asanu mbali iliyonse, anyamata ndi atsikana pamodzi, popanda ndodo, popanda magolovesi, kampira ka labala kokha komenya ndi dzanja. Mpikisano wake woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Mexico City mu 2022, Cuba n'kupambana, ndipo matimu a mu Africa analipo. Bwalo la netibo kapena pa fumbi pa pulayimale iliyonse ndi pokwanira. Atsikana amene anakula akusewera fulaye amadziwa kale kuponya molunjika ndi kuzinda, simudzachita kuwaphunzitsa kuyambira pansi. Khomo limene latsekeka kwa inu pa zaka 22 likadali lotseguka kwa mwana wa zaka 9, ndipo mwana ameneyo akufunika munthu amene amadziwa malamulo.

Choyamba kuchita, sabata ino, ndi chaching'ono kuposa zonsezi. Gulani kope la masamu lija la timabokosi, muyambe kulemba gemu ndi pensulo mmene amalembera alembi a pa bwalo. Malo aliwonse ali ndi nambala yake: woponya ndi 1, wowakha ndi 2, wa pa base yoyamba 3, yachiwiri 4, yachitatu 5, shortstop (woima pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu) 6, atatu akumpanda aja 7, 8 ndi 9 kuyambira kumanzere. Womenya akagunditsa mpira pansi, shortstop n'kuutola kuponyera wa pa base yoyamba, mulemba 6-3. Strikeout ndi K. Akangouyang'ana mpira wachitatu osagwedeza ndodo, K wakeyo mumamulemba chotembenuza. Mukadzalemba 6-4-3 koyamba, anthu awiri atatuluka pa mpira umodzi, mudzaona kuti maso anu ayamba kale kutsatira kumene shortstop anaima mpira usanaponyedwe, osati kumene mpira wapita. Lembani magemu 20 a Pirates motero, owina ndi oluza omwe. Ikadzafika 1 Juni mudzandilemberenso, mundiuze kuti timu yanu ili pati pa tebulo, komanso chimene mwaona m'kopemo chimene tebulolo silikunena.